Rula ya a Musonda ndi Mkono wa Telala

Ana anga, ndisanayambe nditchule kaye mboni, chifukwa ndikudziwa kuti mawu a bambo anu mumayamba mwawapeta ngati mpunga wa pamsika. Mboni yoyamba ndi amayi anu, amene sananamepo chibadwire, kupatula tsiku lija anauza abusa kuti anandikonda chifukwa cha khalidwe. Yachiwiri ndi a Chanda, telala wa ku Chifubu. Akadali moyo, mukhoza kukawafunsa, koma musakawagwire dzanja lamanja mwamphamvu. Yachitatu ndi a Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, amene amasinza pa ulaliki koma pa milandu ya anthu ena sasinza. Yachinayi ndi malemu a Musonda, amene anali mkonzi wanga. Iwowo sangatsutsenso kanthu, ndipo aka ndi koyamba kuti nkhani yanga ituluke osadikira mbali inayo. Yachisanu ili m'sutikesi pansi pa bedi: rula yathabwa, yodyeka kunsonga. Zonse ndalemba pano ndi zoona. Pomwe muone ngati ndawonjeza, dziwani kuti pamenepo ndiye ndachepetsa.

1986, Kitwe

Utolankhani ndinauyamba ku Kitwe, mu ofesi yaing'ono pamwamba pa sitolo ya nsapato. Agogo anu, amene anachoka ku Ntcheu kudzakhala kalaliki pa mgodi, sanakondwe. Anati, "Jairosi, ndakuphunzitsa zaka zonsezi kuti uzikalipidwa pa miseche?" Koma iwo omwewo ankawerenga nyuzi yonse mpaka dzina la wosindikiza, atavala magalasi amene ankawerengera Mawu kutchalitchi. Masiku amenewo nyuzi imodzi inkayenda msewu wonse, ndipo pobwerera kwa mwini wake inkakhala itafewa ngati thewera. Anthu awiri akakangana kometetsa tsitsi, wina akangoti "zili m'nyuzi," mkangano unkathera pomwepo. Tsiku lina tinalakwitsa dzina, tinalemba kuti bambo wina wa ku Wusakile wamwalira pomwe anali moyo. Mkazi wake anakana kumuphikira mpaka Lachinayi, titatsutsa. Anamuuza kuti, "Ine ndikhulupirire inu kapena nyuzi?" Ndikulumbira, munthuyo anabwera yekha ku ofesi ali ndi njala.

Mkulu wa ofesiyo anali a Musonda, munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, amene sindinamuonepo atavula jekete ngakhale mu Okutobala. Tinali atolankhani atatu pa taipi imodzi, ndipo riboni yake tinkaidontheza palafini kuti ikumbukeko ntchito. Chosowa kwambiri chinali pepala. Nkhani tinkalemba kuseri kwa makalata akale, ndipo pepala lililonse linkayenera kugwira ntchito mbali zonse ziwiri lisanatayidwe. Chizolowezi chimenechi chikumbukireni, chidzabweranso. Popeza malo m'nyuzi anali ochepa, a Musonda ankayeza nkhani ndi rula. "Nkhoma, nkhani yako ndi yokoma, koma malo ndi masentimita eyiti." Pomwe rula yagwera, cholembera chofiira chinkadula pomwepo. Nkhani yanga ina ya maliro inathera pomwe malemuyo anali akupeza bwino. Chipani chinali chimodzi, choncho mbali inalinso imodzi. Tinkaopa, inde, koma mantha ake tinkadziwa komwe ankakhala ndi nthawi yomwe ankaweruka.

1997, Ndola

Zipani zitachuluka, a Musonda anakwezedwa kukhala mkonzi wamkulu ku Ndola, ndipo ananditenga. Ndipamene tinalowa m'nyumba ya geti lobiriwira ku Masala, iwe Chisomo uli ku pulaimale. Pepala linayamba kupezeka, koma rula sinapume, inangopeza ntchito ina. Lamulo linali loti chipani ichi chikapata masentimita thwelofu, chinacho chipatenso thwelofu. Ndinene chilungamo, poyamba zinali zabwino. Anthu amene zaka zonse ankangolankhulira kubafa anayamba kumveka. Koma eni nyuzi ankafuna zinthu zitatu nthawi imodzi: malonda a boma, malonda a amalonda otsutsa boma, ndi mawindo osasweka. Ndiye rula inasiya kuyeza anthu olankhula, inayamba kuyeza choona ndi bodza, n'kumapeza kuti ndi zazitali mofanana.

Chaka china mvula inagwa, ngalande zinatsekeka, madzi analowa m'nyumba za ku Masala. Ndinafika ku ofesi thalauza itanyowa mpaka m'mawondo, n'kulemba zomwe ndinaona. A Musonda anawerenga, anati, "Mbali inayo yati chiyani?"

"Mbali iti, bwana? Kumwamba?"

"Khansala."

Khansala anati kulibe kusefukira kulikonse, amenewo ndi madzi otsukira mbale amene amayi a ku Masala amataya mosasamala. Zinatuluka choncho, thwelofu kuno, thwelofu uko. Ndipo pa chiganizo chilichonse changa a Musonda anaikapo liwu lina la Chingerezi lomwe amayi anu, powerengera anzawo pakhonde, ankalimasulira kuti "akuti." Akuti madzi alowa m'nyumba. Akuti mphasa zanyowa. Ankawerenga zimenezi mapazi ali pa njerwa, nkhuku zili pa tebulo. Kuno ku migodi, kaya m'Chibemba kaya m'Chinyanja chathu cha m'tauni, "akuti" timangoti "ati." Sabata isanathe ndinali ndi dzina latsopano. Ndikamatsika minibasi ndinkamva, "Ba Ati baisa!" kutanthauza kuti a Akuti afika. Ndinkaseka nawo. Sindinazindikire kuti anthu asiya kunena kuti "zili m'nyuzi" ndipo ayamba kunena kuti "za m'nyuzi izo," mawu ofanana koma okhala kutali ngati Ndola ndi Nsanje.

M'zaka zomwezo ndinadziwana ndi a Chanda, telala wa kakhumbi kena pamsika ku Chifubu, amene ankandisokera majekete. Tsiku loyamba atandiyeza anaima n'kuyang'ana tepi yawo. "Ba Ati, phewa lanu lakumanja ndi lotsika. Mumanyamula chikwama mbali imodzi?" Ndinati zaka zambiri. "Ndiye sindidula mofanana. Ndikadula mofanana jekete lipendama, anthu aziti telala ndi chidakwa." Ndinawauza kuti kwathu ku ntchito timadula mofanana nthawi zonse. Anati, "N'chifukwa chake zosoka zanu sitivala."

2013, Chifubu

Chaka chimenecho kunali chisankho chapadera cha khansala m'dera lina la kumeneko. Msika unali m'manja mwa makada, anyamata a chipani amene amalamula m'misika ndi m'masiteshoni ngati anawo anabadwira pomwepo. Mkulu wawo ankatchedwa Komanda. Dzina lake lenileni ndikulidziwa, koma inu simukufunika kulidziwa. Chipani chakenso sinditchula, chifukwa mtundu wa chitenje wasintha kangapo chiyambire, pomwe nsapato zopondera anthu ndi zomwe zija. Komanda analamula kuti kakhumbi kalikonse kapachike chitenje cha chipani pakhomo. A Chanda anakana. Anati amasokera aliyense, ndipo sangapachike nkhope ya munthu mmodzi pamwamba pa makasitomala onse.

Linali Lachiwiri, cha m'ma teni awazi m'mawa, dzuwa lili phwee. Ndinali kuseri kwa katani yosinthira zovala, nditavala jekete latsopano lomwe linali ndi mkono umodzi wokha, mapini ali mbwee. Analowa anyamata sikisi. Ndinawawerenga pa kampata ka katani, chifukwa kuwerenga ndi chinthu chokhacho chomwe thupi langa linavomera kuchita. Sanakuwe. Komanda anafunsa mwaulemu, "Ba tela, chitenje chili kuti?" A Chanda anati, "Awe mukwai, ayi bwana, ndinanena kale." Awiri anawagwira, mmodzi anagoneka mkono wawo wamanja pa tebulo la makina, ndipo Komanda anamenya ndi paipi yachitsulo katatu. Phokoso lake sindilifotokoza. Mnyamata wina, pofuna kuonetsa khama, anaswa galasi la kabati ndi chibakera n'kudzicheka yekha padzanja. Sizasi inali pa shelefu nthawi yonseyo, itatseka pakamwa ngati ine.

Sindinatuluke, ana anga. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalumpha n'kugwetsa atatu, ndipo mukudziwa kuti pakamwa panga pangathe, koma amayi anu awerenga izi. Mawondo anga ankagundana mwakuti Komanda anatembenuka poganiza kuti wina akugogoda. Anakweza katani ndi paipi ija.

"Aa, Ba Ati! Mwaona chiyani?"

"Ndikuyesa jekete."

"Lakukhalani." Anakonza kolala yanga ndi zala ziwiri. "Mukalembe bwino, mudala. Mbali zonse."

Anaseka, anyamata ake anasekanso, n'kutuluka. Chomwe chinandiopsa kwambiri si paipi ayi. N'choti munthuyo sankandiopa ngakhale pang'ono. Ankadziwa ntchito yanga kuposa ine.

Nditawasiya a Chanda kuchipatala ndinalemba masentimita sate, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri ndinayamba ndi mawu oti "ndinaona." Nthawiyo tinali ndi makompyuta, koma a Musonda ankafunabe nkhani pa pepala, rula kumanzere, cholembera chofiira kumanja. Anawerenga kawiri.

"Nkhoma, 'ndinaona' ndi ndani? Nyuzi ilibe maso."

"Ine ndili nawo, bwana. Ndinali pomwepo."

"Mneneri wa chipani waimba. Akuti telala anabaya mnyamata ndi sizasi, anzake n'kumuteteza. Mnyamatayo ali ndi bandeji."

"Anadzicheka ndi galasi."

"Ndiwe dokotala? Ndiwe khoti?" Anaika rula. "Thwelofu telala, thwelofu chipani. Owerenga aweruze okha."

"Aweruza ndi chiyani, bwana, poti amene anaona mwamutseka pakamwa?"

Anatola cholembera. Anadula mzere wofiira pa "ndinaona," n'kulemba liwu lawo lija pamwamba. Anadulanso "sikisi," anadula paipi, anadula galasi. M'mawa nyuzi inatuluka ndi mutu wonena kuti telala ndi achinyamata alimbana pamsika, dzina langa lili pansi pake. Tsiku lotsatira apolisi anapita kuchipatala n'kumanga dzanja lamanzere la a Chanda ku bedi ndi unyolo, chifukwa lamanja linali mu pulasitala. Mlandu wake unali wovulaza munthu ndi chida, wa zaka m'ndende. Pepala lofiira lija ndinalitola m'basiketi ya zinyalala. Musaganize kuti unali mtima wa mkango. Kuseri kwake kunali koyera, ndipo amayi anu anali ataimba foni kunditchulira zogula.

2014, Masala

Mlandu unakokeka miyezi. Pamsika, mwa anthu onse amene anamva paipi ija, sanapezeke ndi mmodzi yemwe amene anali pomwepo. Ena anali kumaliro, ena kuchimbudzi. Ukawerenga bwino, tsiku limenelo msika wonse wa Chifubu unali m'chimbudzi chimodzi. Loweruka lina masana a Gondwe anafika pakhomo pathu ndi mayi wina wowonda. Anali mkazi wa a Chanda. Anafunsafunsa tchalitchi cha Ba Ati mpaka anachipeza. Tinamupatsa mpando, anakana, anakhala pansi pafupi ndi geti.

A Gondwe anati, "A Nkhoma, mayiwa akuti inu munalipo."

"Ndinalemba kale, a Gondwe. Zili m'nyuzi."

Mayiyo anakweza mutu. "Za m'nyuzi ndi zimene zawamangitsa. Wapolisi anabwera nayo m'manja." Sanalire. Anangowonjeza kuti, "Loya wati pakapanda munthu woona ndi maso, apita."

A Gondwe anatsokomola ngati akuyamba pemphero. "Ine sindinabwere kudzakukakamizani. Ndangokumbuka kuti mwezi wamawa ndinu ogawa mgonero. Ndimafuna ndidziwe ngati tikonze wina."

Lolemba ndinawauza a Musonda. Anatseka chitseko, chinthu chomwe sankachita. "Mtolankhani sakhala mboni ya mbali imodzi. Ukalowa m'bokosi la mboni kukhoti, kuno usabwerenso. Si ine, ndi eni nyuzi." Kenako anakhala pansi. "Ukuganiza ndimaikonda rula iyi? Mwala unalowa pawindo la kuchipinda kwa mdzukulu wanga, Nkhoma, chifukwa cha masentimita awiri okha amene ndinapatsa mbali ina mopitirira. Awiri. Rula iyi ndiyo yatifikitsa ku ukalamba tonsefe." Sindinawatsutse. Munthu wamantha amamudziwa mnzake ndi fungo.

Sindikudziwa amene anauza Komanda kuti loya wa a Chanda walemba dzina langa ngati mboni. Lachitatu ndinakwera minibasi, n'kupereka ndalama, kondakitala anaibweza. "Komanda walipira kale, mudala. Ati mutsikire pa geti lobiriwira." Anthu onse m'basimo anayamba kuyang'ana pawindo. Lachisanu iwe Chisomo unabwera kuchokera kuntchito n'kunena kuti bambo wina waulemu wakuperekeza kuchokera pa siteshoni, ndipo wati upereke moni kwa adadi. Unadabwa chifukwa chake ndinakutumiza kwa azakhali ako ku Kitwe mawa lake popanda kufotokoza. Chifukwa chake ndi chimenechi. Lamulungu pobwera kutchalitchi tinapeza sizasi yatsopano itamangidwa pa geti ndi kansalu ka chitenje, dzuwa likuwala, ana a aneba akusewera pomwepo. Ndinaonda m'masabata amenewo mpaka lamba ankazungulira kawiri. Ndikamayenda mumsewu mthunzi wanga unkayenda mbali inayo kuti usaoneke nane. Amayi anu ndi mboni.

Kutatsala tsiku limodzi ndinawauza amayi anu kuti kukhoti sindipita. Anali akusita malaya anga oyera. Sanasiye kusita.

"Amake Chisomo, anthu awa akhoza kutipha."

"Akhoza."

"Ndipo ntchito itha."

"Itha." Anatembenuza malayawo. "Koma bambo ake Chisomo, ine ndinakwatiwa ndi munthu. Zaka zonsezi pamsika amanditcha mkazi wa Ba Ati, ndimangoseka. Telala uja akalowa m'ndende, ine ndizidya ndi ndani pano? Ndi akuti?"

Analowa kuchipinda n'kubwera ndi chitini cha mabisiketi. Mukuchidziwa chitini chimenecho. Ndi momwe amasungira mapepala onse a zogula amene anandituma chikwatiraneni, kuti tsiku lachiweruzo adzaonetse zomwe ndinaiwala. Anatulutsa limodzi. Mbali ina linali ndi sopo, nsomba za kapenta, mafuta ophikira ndi makandulo. Mbali inayo linali lofiira.

"Tsiku ili munaiwala makandulo," anatero. "Tengani."

M'khoti munadzaza anthu a pamsika, aja anali kuchimbudzi aja. A Chanda anali padoko, poima oimbidwa mlandu, mkono uli pachifuwa. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunakhala Komanda atavala malaya oyera kuposa anga. Ndinalumbira, n'kufotokoza zomwe ndinaona, mawu akutuluka ngati a mbuzi yomangidwa pakhosi. Kenako anaimirira woimira boma pa mlandu, nyuzi yathu ili m'manja.

"Bambo, dzina lili pansi pa nkhani iyi ndi lanu?"

Ana anga, lilime ndi kapolo wa chizolowezi. Ndinamva pakamwa panga pakuti, "Akuti ndi langa."

Khoti lonse linagwa ndi phwete. Ngakhale wapolisi wa pakhomo anagwira khoma. Woweruza, mayi wa magalasi, anamenya tebulo n'kundiyang'ana. "Mboni, dzina lanu lomwe mwachita kumva kwa anthu?"

Woimira boma sanafulumire. "Apa munalemba kuti telala ndi achinyamata analimbana. Lero mukuti munaona anthu sikisi akumenya mmodzi. Wabodza ndi uti, inu wa chaka chatha kapena inu wa lero? Tiuzeni, a mtolankhani, alipo munthu m'chipinda muno amene amakhulupirira zomwe mumalemba?"

Ndinayang'ana anthu. Palibe anadzutsa mutu. Mayi wina wogulitsa tomato, amene anaona zonse zija ndi maso ake, ananong'ona mokweza kuti "ubufi," bodza. Sankanena za umboni wanga ayi, ankanena za ine yense. Pamenepo ndinachita mantha a mtundu wina. Ndinabwera kudzapereka chinthu chokhacho ndinali nacho, mawu anga, n'kupeza kuti ndinawagulitsa kale sentimita imodziimodzi, ndipo munthu apita kundende chifukwa m'thumba mwanga mulibe kanthu.

Loya wa a Chanda anapempha kuti ndipereke pepala lija. Woweruza analilandira chakumbuyo. "Sopo, kapenta..." Anthu anasekanso. Analitembenuza, n'kuyamba kuwerenga, chala chikutsata mizere yofiira. Tsiku ndi nthawi zinali pamwamba, momwe makina anasindikizira.

"Munalemba izi tsiku lomwelo?"

"Inde."

"Anadula ndani?"

"Ntchito yathu, amayi. Cholembera chinali cha mkonzi, koma ine ndinaima pomwepo, ndipo m'mawa ndinabweranso kuntchito."

"Anthu anali angati?"

"Sikisi."

"Akuti sikisi?"

"Ayi. Ndinawaona."

"Amene anagwira paipi mungamuzindikire?"

Apa ndiye pomwe ndinakalambira. Imvi zonse mukuzionazi zinamera pakati pa funso limenelo ndi yankho lake, ndipo a Gondwe anazimva zikumera. Ndinaganiza za geti lobiriwira. Ndinaganiza za iwe, Chisomo, ukuyenda ndi bambo waulemu uja. Dzanja langa linalemera ngati thumba la simenti. Ndinalikweza mothandizidwa ndi linzake, n'kuloza pafupi ndi chitseko. "Ndi uyo wavala zoyerayo." Palibe anaseka. Komanda anamwetulira, anaimirira, anawerama pang'ono kwa woweruza, n'kutuluka osathamanga.

Patatha masabata atatu a Chanda anamasulidwa. Komanda sanamangidwe, ndipo ndamva kuti pano amavala chitenje cha mtundu wina. Nyuzi yathu inalemba za mlanduwo masentimita sikisi: atatu onena kuti akuti yemwe kale anali mtolankhani wathu anaona, atatu a mneneri wa chipani. Mawu oti "kale" amenewo ndi momwe ndinadziwira kuti ntchito yatha. Kalata inabwera pambuyo, yonena kuti ndapuma mwa kufuna kwanga ndipo ndalama zanga zopumira zikukonzedwa. Tinatseka nyumba n'kukakhala ku Kitwe miyezi isanu ndi iwiri. Titabwerera tinapenta geti kukhala lakuda, ngati kuti anthu aja amasochera ndi penti. Mpaka lero minibasi ikaima pakhomo injini osazima, ndimasiya kutafuna.

A Chanda sanandithokoze, ndipo sindinayembekezere. Tinakumana kamodzi pa siteshoni, anandiyang'ana ngati mtengo wa magetsi. Mkono wawo unapola mokhota. A Musonda anamwalira chaka chotsatira. Pambuyo pa maliro mwana wawo anandibweretsera envulopu yaitali, akuti bambo anati ndipatsidwe ine. Munali rula, popanda kalata. Sindikudziwa ngati kunali kupepesa kapena kundiuza kuti ndidziyeze. Ndasiya mbali zonse ziwiri zitseguke, mwa ulemu wawo.

Wogulitsa nyuzi pa Masala anandiuza kuti masiku ano amene amagula ndi ofuna ntchito ndi amayi a zitumbuwa. Anthu amamvera mawu otumizirana pafoni, a msuweni wa mnzake wa mlamu, ndipo amawakhulupirira chifukwa msuweniyo amati "ndaona ndi maso," ngakhale akunama. Ife amene tinkaonadi tinkati "akuti." Izi zimandiopsa kuposa paipi, chifukwa tsiku lina kudzachitika chinthu choona chofunika kuthawa, wina adzalemba, ndipo anthu adzakulungira zitumbuwa.

2019, Chifubu

Ndalama zija zinakonzedwa zaka zisanu. Ndinapita ku ofesi kambirimbiri mpaka mlonda anayamba kundipempha tchuthi. Lachinayi lina m'mawa foni inalira, mtsikana wa ku ofesi anati, "A Nkhoma, akuti ndalama zanu zalowa." Ndinati, "Mwana wanga, akuti ndani? Waziona?" Anadula foni. Amayi anu anavala nsapato, tinapita kubanki, ndipo ndinapempha kuti andisindikizire pa pepala. Zinalimo. Zinali zitaonda panjira ngati mwini wake, koma zinalimo. Amayi anu analanda pepalalo, analemba zogula kuseri, n'kunena kuti, "Inu pitani kumene mukuganizako. Makandulo ndigula ndekha."

Kakhumbi kanali komweko, pakhomo popanda chitenje. A Chanda anali akudula nsalu ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, lilime lili pakona. Anandiona, anamaliza kaye mzere wawo.

"Ba Ati. Ati mwalemera."

"Si ati. Ndaziona ndi maso. Ndabwera kudzatenga jekete langa."

Anaika sizasi pansi. Kenako anakoka katoni pansi pa tebulo la makina, tebulo lomwe lija, n'kutulutsa jekete la mkono umodzi, mapini atachita dzimbiri. Anandiveka. Linkalendewera ngati ndabwereka kwa malume. Anaponya tepi paphewa panga, dzanja lokhota likugwira nsonga, lamanzere likukoka.

"Phewa ili latsikiratu kuposa kale. Ndidule mofanana, monga kwanu kuja?"

"Ayi. Dulani momwe mwaonera."

Analuma pini, n'kulankhula ili m'mano.

"Ndiye imani bwino, Ba Nkhoma. Mukunjenjemera."